Zitenje zisanu ndi jumbo ya mapisi: ndisakanize bwanji mitundu pa bedikava ya zigamba?

Nachisale, Chilomoni:

Moni nonse. Ndikufuna kusoka bedikava ya zigamba ya bedi la dabulo, ithe June asanafike kuti idzatithandize pa chiperoni. Ndili ndi zitenje zisanu: chofiira cha maluwa achikasu akuluakulu, cha buluu wakuda, chobiriwira, cha olenji, ndi cha khofi cha timadontho toyera. Palinso jumbo yodzadza mapisi otsala kwa atelala. Ndaziyala pamphasa koma zikuchita kuthobwa m'maso, palibe chomwe chikugonjera chinzake. Ndichotsepo ziti, ndiwonjezere chiyani, nanga ndigule mamita angati? Khoma la kuchipinda ndi la kirimu, makatani ndi a khofi.

Mayi a Tadala, Zingwangwa:

A Nachisale, vuto lanu si kuchuluka kwa mitundu ayi. Chofiira, cha olenji ndi chobiriwiracho mwina zonse zili pakatikati, si zowala komanso si zakuda, ndiye diso likusowa popumira. Yesani izi: ziyaleni pakhonde masana pamthunzi, muzijambule ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Nsalu zomwe zioneke zotuwa mofanana ndi zomwe zikulimbana. Zoterozo musazisoke moyandikana, ngakhale zikhale zokongola bwanji pazokha.

Muunjike milu itatu: zowala, zapakati, zakuda. Pa zomwe mwatchulazi, buluu ndi khofi zipita kwa zakuda, zitatu zija pakati, mulu wa zowala ukhala wopanda kanthu. Choti mugule ndi chimenecho, nsalu yowala ya puleni, yopanda maluwa. Musagulenso chitenje china.

Ine chobiriwira ndikanachisunga pa ntchito ina. Chofiira, olenji ndi khofi ndi pachibale, zimamvana, ndipo buluu wakuda amakhalitsa ndi olenji. Chobiriwira chikagundana ndi chofiira, bedi limaoneka ngati zokongoletsa za Khirisimasi.

Popita ku Limbe kapena mumsika wa Blantyre, dulani kachidutswa pa chitenje chilichonse, mutibaye pamodzi ndi pini, mutenge. Nsalu yomwe mwaikonda mupemphe muione pakhomo pa shopu. Magetsi am'kati amanamiza, kirimu amaoneka woyera, buluu wakuda amaoneka wakuda bii.

Bambo Mbewe, telala, Ndirande:

Za mitundu amayi afotokoza bwino. Ine ndinene za masamu ndi zochapa.

Matiresi a dabulo amakhala pafupifupi masentimita 137 m'lifupi ndi 190 m'litali. Bedikava yake ikhale 200 kwa 230 kuti izigwera m'mbali. Dulani katoni ya 17 kwa 17 ikhale muyezo wanu. Msoko ukadya sentimita imodzi mbali iliyonse, chigamba chitsala 15. Mizere 14 ya zigamba 12 ikupatsani zigamba 168, zomwe ndi 180 kwa 210. Kenaka lamba wa masentimita 10 kuzungulira, yemwe mudule 12.

Mukamasinthanitsa chimodzi cha maluwa chimodzi cha puleni, mufunika 84 za puleni. Pa nsalu ya masentimita 110 m'lifupi mumatuluka zigamba 6 pa mzere, ndiye mizere 14, mamita awiri ndi theka. Za maluwa 84, pa zitenje zinayi ndi 21 pa chilichonse, ndiye chitenje cha mamita awiri simuchimaliza ngakhale theka. Lamba mudule pa cha buluu, mita imodzi ikwana. Nsalu yakumbuyo mugule mamita asanu, muidule pakati mulumikize.

Musadule kanthu musanachape. Nsalu ya thonje imabwerera ikanyowa koyamba, ndipo siibwerera mofanana, ndiye mukasoka zosachapa, tsiku lochapa misoko imakhwinyata. Chitenje chilichonse chiviikeni pachokha m'beseni la madzi ofunda, muponyemo kansalu koyera, mudikire mphindi 30. Kansaluko kakasintha mtundu, tsukuluzani mpaka madzi ayere. Zofiira, za maruni ndi buluu wakuda ndi zomwe zimakonda kutaya utoto. Chikapitirirabe mutatsukuluza kanayi, chisiyeni ndithu, chidzathimbiritsa puleni yense.

Jumbo ya mapisiyo musaikhulupirire. Mumakhala layiningi, poliyesita, nsalu za masuti, zonse pamodzi. Zomolani kaulusi muyatse ndi machesi: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesita amasungunuka n'kuuma kachibulu kolimba. Poliyesita sabwerera ngati thonje, ndipo simbi yamakala ikatentha kwambiri imamunyala pomwe thonje lili bwinobwino.

Naphiri, Bangwe:

Pepani Mayi a Tadala, pa nsalu yowalayo ndisiyane nanu pang'ono. Yowala inde, koma yoyera mbee kapena kirimu wowala kwambiri ayi. Fumbi la September ndi October kuno silichita manyazi, ndipo bedikava yolemera siichapidwa sabata iliyonse. Pakatha miyezi ingapo zigamba 84 zija zidzakhala zitathimbirira pomwe za maluwa zikadali bwino. Mtundu wa mchenga kapena khaki wowala umabisa fumbi, umagwirizananso ndi makatani a khofi. Pa chithunzi chija uonekabe wowala pambali pa buluu.

China ndi maluwa akuluakulu a chitenje chofiiracho. Duwa likakhala lalikulu ngati mbale, mukadula 17 kwa 17 chigamba china chituluka chachikasu chokhachokha, china chofiira chokhachokha, ngati zachokera ku nsalu ziwiri. Boolani windo la 15 kwa 15 pa katoni ina, muziliyendetsa pansalupo mpaka muone chomwe mukufuna, mulembe ndi choko kenaka mudule. Zimadya nsalu koma muli nayo yambiri. Chofiiracho musachipatsenso 21 monga zinzake: 12 zakwana, zomwazika, zotsalazo muwonjezere buluu ndi khofi. Chofiira chili ngati tsabola mu ndiwo.

Ngati pakati muikapo bulangete lakale, lisakhale lakuda kapena la mizeremizere, limaonekera pansi pa nsalu yowala. Ulusi wotuwa umabisala pa mitundu yonseyi kuposa woyera. Musanalumikize, yalani zigamba zonse 168 pansi, muime pakhomo muziyang'ane mutatsinzina pang'ono. Pomwe zakuda zaunjikana paonekera pompo.

Nachisale, Chilomoni:

Zikomo kwambiri nonse. Chobiriwira ndachibweza m'sutikesi. A Mbewe, ena akuti ndikaviika chofiiracho m'madzi amchere utoto ugwira. N'zoona?

Bambo Mbewe, telala, Ndirande:

Mayi, mchere umagwira ntchito pomwe nsalu ikunyikidwa, osati itafika kale m'manja mwanu. Chomwe chikutuluka m'beseni ndi utoto wotsalira, mankhwala ake ndi kutsukuluza basi. Mukamaliza yesaninso: nyowetsani kona, muiike pakati pa nsalu ziwiri zoyera, musite ndi simbi yotentha. Zoyerazo zikatuluka zoyera, dulani. Ndipo bedikavayo ikadzachapidwa isadzagone m'beseni yonyowa, muzidzaiyanika nthawi yomweyo, pamthunzi, kumbuyo kuli kunja.