Za mchemwali wanga uja: zomwe tapeza

Mwezi watha ndinafunsa za achemwali anga a ku Rosettenville kuno ku Johannesburg. Anakhala ndi alamu zaka 8 mongolowana, popanda chinkhoswe kapena mtchatho. Alamu atamwalira osasiya wilu, abale awo anati achemwali si mkazi wa pakhomopo, atuluke. Zikomo nonse amene munatilimbikitsa.

Tinakaonana ndi loya ku Legal Aid South Africa, bungwe lothandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo. Anatiuza kuti kuno kukhala limodzi, ngakhale zaka zambiri bwanji, sikusanduka ukwati. Ine ndinkaganiza za kwathu ku Malawi, kumene lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuvomereza banja longolowana likatha zaka 5.

Koma chiyembekezo chilipo. Mu 2021, pa mlandu wa mayi Jane Bwanya, Constitutional Court, khoti lalikulu kwambiri la kuno ku South Africa, inagamula kuti amene ankakhala ndi malemu ngati banja lokhazikika, mosamalirana, ali ndi ufulu wolandira chuma cha masiye. Ntchito ndi umboni. Tasonkhanitsa pepala la lendi lokhala ndi mayina onse awiri, marisiti, zithunzi, ndi pepala la inshuwalansi ya maliro pamene alamu analemba achemwali ngati mkazi wawo. Pepala limeneli linatiliza tonse.

Ana awiri a achemwali ndi alamu gawo lawo ndi losakayikitsa, kaya makolo anakwatirana kapena ayi. Imfa tailembetsa kale kwa Master of the High Court, ofesi ya boma yoona za chuma cha masiye, ndipo sabata yamawa tikupita kuntchito kwa alamu kukafunsa za penshoni. Achemwali akadali m'nyumbamo.