Thandizeni maganizo: nyimbo zamakono pa chitsitsimutso ku Lizulu

Moni nonse m'gulu muno. Ndimatsogolera achinyamata pampingo wina ku Lizulu, m'boma la Ntcheu. Mwezi wamawa tili ndi chitsitsimutso pafupi ndi msika, koma tasemphana ndi akuluampingo pa nyimbo. Ife tikufuna kiyibodi, magitala ndi nyimbo zovinika, poti n'zomwe zimaimitsa akabaza ndi ogulitsa kachewere kuti amvetsere. Akuluakuluwo akuti zimenezo n'zam'mabala, tiziimba za m'buku basi.

Tinayesa za m'bukuzo pa kiyibodi, akuti tikuzithamangitsa. Tinawaonetsa kuti mawu a nyimbo zatsopanozo tinawatenga m'Masalimo, mawu avomera, koma maimbidwe ayi. Abusa angoti tikambirane tokha.

Inu amene munadutsamo, munawagwira mtima bwanji makolowa? Nanga anthu okopeka ndi nyimbo zoterezi amakhazikikadi mumpingo, kapena amangodzavina n'kumapita?