Thandizo pa kujambula mlalang'amba wa NGC 1097 ndi mnzake wamng'ono

Akuluakulu okonda kujambula zakuthambo, ndikupempha nzeru zanu. Kwa masiku anayi opanda mwezi ndakhala ndikujambula usiku mlalang'amba wa NGC 1097 m'gulu la nyenyezi la Fornax, umene katswiri wa zakuthambo Halton Arp anaupatsa nambala 77 pa mndandanda wake wa milalang'amba yooneka mwachilendo mu 1966, ndipo telesikopu yanga ndi ya mainchesi 8 m'mimba mwake. Ndikatsegula kamera kwa mphindi zisanu kuti mikono yake yozimiririka ioneke, pakati pake pamawala mopitirira muyeso, ndipo kamlalang'amba ka NGC 1097A, kamene kali chapafupi kumpoto chakumadzulo, kamangosanduka kadontho koyera, pomwe ndi komweko ndikukafunitsitsa. Kodi ndiphatikize zithunzi za nthawi yaifupi ndi za nthawi yaitali? Ngati ndi choncho, zaifupizo zikhale za masekondi angati?