Thandizeni: ndipitirize O'Brian kapena ndiyambe Forester?

Moni nonse okonda mabuku. Ndakakamira pa Master and Commander, buku la Patrick O'Brian la mu 1969, ndiye ndati ndifunse kwa inu.

Nkhaniyo ikundikoka kwabasi, makamaka ubwenzi wa kaputeni Jack Aubrey ndi dokotala Stephen Maturin, anthu osiyana mtima koma madzulo amakhala pansi n'kuimba limodzi, wina vayolini wina chelo. Vuto langa ndi mawu a pasitima. Akangoyamba kukweza matanga ndi kukoka zingwe, ine basi ndasochera. Pamene Sophie, sitima ya Aubrey, ikumenyana ndi Cacafuego ya Aspanya, sindinamvetse mmene kasitima kakang'onoko kanafikira m'mbali mwa chimphonacho. Zikundiwawa, chifukwa nkhondoyo O'Brian anaitengera pa yeniyeni ya mu 1801, pamene kaputeni Thomas Cochrane pa sitima ya Speedy anagwira sitima ya Aspanya ya El Gamo.

Ndayesa dikishonale, koma imangofotokoza liwu lovuta ndi lovuta linzake. Ndinasindikiza chithunzi cha sitima cholembedwa mayina a matanga n'kuchiika pambali, chimathandiza pang'ono koma kuwerenga kumadukaduka. Filimu ya Master and Commander ya 2003 ndinaionera, nkhani yake ndi ina.

Mnzanga akuti ndiyambe ndi mabuku a C. S. Forester onena za msilikali wa pamadzi Hornblower poti Chingelezi chake n'chofewa. Kumenekonso ndaima: The Happy Return ndiyo inatuluka koyamba mu 1937, pomwe Mr. Midshipman Hornblower ya 1950 ndiyo imayamba ali mnyamata.

Inu amene munawerenga onse awiri, kodi mawu a O'Brian amazolowereka ukafika buku lachiwiri, kapena ndimusiye kaye? Nanga Hornblower ndiyambire liti?