Kufupikitsa fyuluta ya microstrip ya 2.4 GHz pa bolodi ya FR4

Chikondi_RF: Akuluakulu, ndikupanga fyuluta ya lowpass (yolola mafunde otsika kudutsa nkutseka okwera) ya microstrip (mizere ya kopa pamwamba pa bolodi) yoti ikhale pakati pa amplifaya ndi antena pa chipangizo cha 2.4 GHz, ndipo ntchito yake ndi kupondereza ma harmonic, omwe ndi mafunde osafunika ochulukitsa 2.4 GHz: yachiwiri ya 4.8 GHz ndi yachitatu ya 7.2 GHz. Ndayamba ndi njira ya stepped impedance (kusinthanitsa mizere yopyapyala ndi yotambalala) pa FR4 (bolodi wamba ya fiberglass) yokhuthala 1.6 mm, koma fyulutayo ikutalika kuposa malo amene ndili nawo. Kodi ndingaifupikitse bwanji popanda kutaya mphamvu yambiri?

Bambo_Mbewe: Pa njira mwasankhayo, mzere wopyapyala umagwira ntchito ya inductor ndipo wotambalala umakhala capacitor. Mukakweza impedance ya mizere yopyapyala kufika cha m'ma 120 ohm, nkutsitsa ya yotambalala kufika cha m'ma 20 ohm, zigawo zonse zimafupika. Vuto lanu lenileni ndi bolodi. Pa 1.6 mm, mzere wa 50 ohm wokha umatambalala pafupifupi 3 mm, choncho wa 20 ohm umadya malo ambiri. Bolodi ya 0.8 mm imachepetsa kutambalalako ndi theka, ngakhale kuti mizere yopyapyala imafika poti opanga mabolodi ena sangaitulutse bwino. Mizere imeneyi mukhoza kuipindapinda, bola musaithinitse, chifukwa mbali zoyandikana zimapatsirana mphamvu ndipo inductance imatsika.

NaPhiri_Injiniya: Ine ndingasiye stepped impedance. Inu mukudziwa kale mafunde amene mukufuna kupha, ndiye ikani stub (kanthambi kochoka pa mzere waukulu) yotseguka kumapeto yomwe kutalika kwake ndi kota ya wavelength pa 4.8 GHz, pafupifupi 8.5 mm pa FR4. Pa 4.8 GHz imakhala ngati yalumikiza mzerewo ndi ground, pomwe pa 2.4 GHz imangokhala capacitor, mogwirizana ndi njira imene katswiri wina dzina lake Paul Richards adafotokoza mu 1948. Dziwani kuti stub imeneyi imalolanso mafunde kudutsa pa 9.6 GHz, ndipo 7.2 GHz ifunika stub yakeyake yaifupi. Stub ya radial, yooneka ngati chikupizira, ndi yaifupi ndipo imatseka mafunde ambiri.

Kalonga_74: Ndikugwirizana ndi a NaPhiri, koma musakhulupirire kwambiri manambala a FR4. Dielectric constant yake (nambala yomwe imakhudza kutalika kwa wavelength pa bolodi) imatchulidwa kuti ndi 4.4, koma imasiyana malinga ndi wopanga, ndipo ikasintha, malo amene stub ikutseka amasunthanso. Loss tangent yake (muyeso wa mphamvu yotayika m'bolodi) ndi pafupifupi 0.02, pomwe ya bolodi ya Rogers RO4003C ndi 0.0027. Ena akulangizani kudula mipata pa ground kuti fyuluta ichepe; zimathandizadi, koma mipatayo imatulutsa mafunde kunsi, ndipo bokosi lachitsulo likayandikira limasokoneza zotsatira. Yesani kaye pa kompyuta mu pulogalamu ya openEMS kapena Sonnet, ndipo onetsetsani kuti VNA yanu (chida choyezera mmene fyuluta ikudutsitsira mafunde) imafika kupitirira 7.2 GHz.