Andisankha kukhala nthumwi ku bungwe lathu la aphunzitsi, koma mfundo ndazipeza zolembedwa kale. Nditani?

Moni aphunzitsi anzanga ndi nonse amene mumadziwa za mabungwe a apantchito. Ndithandizeni nzeru, paja safunsa anadya phula.

Ndaphunzitsa m'sukulu za boma zaka 11. Mwezi watha anzanga a m'nthambi yathu anandisankha kuti ndikawayimire ku msonkhano wokonza mfundo zimene bungwe lathu lipite nazo kukakambirana ndi boma. Ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo ndinagula kope n'kuyamba kuyenda m'sukulu za m'nthambi muno kufunsa mphunzitsi aliyense chinthu chimodzi chimene chikumuwawa kwambiri.

Mayi wina wophunzitsa ana aang'ono sanandiyankhe ndi pakamwa. Anangondigwira dzanja n'kundilowetsa m'kalasi mwake. Ana anali mpaka m'tsinde mwa bolodi, moti polemba amachita kuyimirira chammbali kuopa kuwaponda zala. Kenako anati, "Achimwene, ndikamaliza kuitana mayina, theka la phunziro latha. Mukawauze zimenezo." Bambo wina anatulutsa m'thumba kalata yomukweza pantchito, yopindapinda mpaka yayamba kung'ambika m'mizere. Anailandira zaka 3 zapitazo, koma malipiro ake akadali a udindo wakale. Achinyamata onse akunena za malipiro basi. Oyandikira kupuma pantchito nkhawa yawo ndi penshoni.

Kope langa litadzaza, kunabwera chikalata chochokera ku likulu la bungwe. Mfundo zonse zalembedwa kale, zasanjidwa kale, ndipo ife ntchito yathu ndi kukavomereza. Za kuchuluka kwa ana m'kalasi mulibemo. Za anthu okwezedwa koma osalandira zili kumapeto, m'mzere umodzi. Ulendo watha, mgwirizano ndi boma tinaumvera pa wailesi atasaina kale. Komanso mwezi ndi mwezi amatidula ndalama ya umembala pa malipiro, koma m'nthambi yathu palibe amene anaonapo lipoti la mmene ndalamazo zimayendera. Nditafunsa mkulu wina, anandiyankha kuti, "Kodi mukufuna kugawanitsa bungwe?" Mawu amenewa anandipweteka, chifukwa bungweli ndimalikonda ndipo popanda ilo tikanaphwanyidwa kalekale.

Tsono ndikalimbane ndi chiti? Ndikamenyere kuti mfundo ya mayi uja ilowe, kapena ndiyambe ndi nkhani yoti mamembala azivota asanasaine chilichonse? Nanga za ndalama ndizifunse bwanji kuti ndisaoneke ngati woukira?

Mphunzitsi wopuma pantchito, kale msungichuma wa nthambi:

Mwana wanga, choyamba pezani buku la malamulo oyendetsera bungwe lanu. Musapite ku msonkhano musanaliwerenge kawiri, pensulo ili m'manja. Ine ndinakhala m'komiti zaka zambiri ndipo ndikukuuzani kuti nthumwi zambiri zimapita ndi mkwiyo koma osadziwa ndime ngakhale imodzi. Wapampando akangoti "zimenezo sizili pa ndondomeko ya lero", nkhani yathera pomwepo.

Muyang'ane masiku amene nthambi iyenera kutumiza mfundo yake msonkhano usanachitike, chiwerengero cha anthu ofunika kuti msonkhano ukhale wovomerezeka, ndiponso amene ali ndi mphamvu yosaina mgwirizano. Mabungwe ambiri analemba okha kuti msungichuma azipereka lipoti lowunikidwa ndi akatswiri owerengera ndalama a kunja kwa bungwe. Ngati ndime yotere ilimo, simukupempha chifundo ayi. Lembani kalata yaulemu yotchula nambala ya ndimeyo, asaine ndi wapampando ndi mlembi wa nthambi, osati inu nokha, ndipo musunge kope lake lodindidwa tsiku limene alandira.

Musatchule mawu oti kuba. Mwina palibe wabapo kanthu. Nthawi zina boma limadula ndalama kwa aphunzitsi koma n'kuchedwa kuzipereka ku bungwe, ndipo atsogoleri amachita manyazi kuulula kuti m'thumba mulibe kanthu. Funsani kuti zodulidwa ndi zingati, zofika ku bungwe ndi zingati, zobwerera ku nthambi ndi zingati. Mayankho ake adzalankhula okha.

Mphunzitsi wa sekondale:

Ine ndisiyane nanu pang'ono, achimwene. Mukalowa m'chipinda chokambirana ndi mfundo 20, boma limasangalala. Limatola zing'onozing'ono zosalira ndalama, n'kulengeza kuti lavomera zambiri, chachikulu chija n'kuchisiya. Atsogoleri anu sanalakwitse poika malipiro patsogolo. Malipiro amakhudza aliyense, ndipo penshoni ya oyandikira kupuma aja nthawi zambiri imawerengedwa kuchokera pa malipiro omwewo. Kuchepetsa ana m'kalasi kumafuna aphunzitsi atsopano ndi zipinda zatsopano, zomwe si za chaka chimodzi. Musaiwale kuti amene mwakhala naye patebulo kawirikawiri ndi wa unduna wa maphunziro, pomwe chikwama chili ku unduna wa zachuma ndipo bajeti imadutsa ku nyumba ya malamulo. Mukachedwa mpaka bajeti itadutsa, mukukambirana mphepo.

Mayi wophunzitsa ana oyamba kumene sukulu:

Bambo a kusekondale, mwanena zoona za bajeti, koma mfundo yathu yakhala ikudikira "chaka chamawa" kuyambira pamene ndinayamba ntchito. Chifukwa chake ndi chodziwika. Amene amafika m'makomiti apamwamba ambiri ndi aphunzitsi aakulu ndi a m'tauni, amene ali ndi mpata wopita ku misonkhano. Ife a makalasi a m'munsi, makamaka amayi, msonkhano ukamayamba timakhala tikuchonga makope kapena tikuthamangira ana athu kunyumba. Amene sali m'chipindamo mfundo yake imakhala kumapeto. Ndiye inu wofunsa, musatisankhire pakati pa malipiro ndi kalasi. Timenyereni kuti tizifunsidwa.

Wophunzitsa za malamulo a ntchito:

Mayiwa akhudza pamene pali mutu wa nkhani. Ndiwonjezere zimene mungatsamire polankhula.

Pangano nambala 87 la ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, la mu 1948, limati mabungwe a apantchito ali ndi ufulu wolemba malamulo awo ndi kusankha atsogoleri awo popanda boma kulowererapo. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti palibe wa kunja amene adzabwere kudzakukonzerani bungwe, ndipo musafune n'komwe kuti boma lichite zimenezo. Okonza ndinu eni ake, kudzera mu msonkhano waukulu. Pangano nambala 98 la mu 1949 ndi lokhudza kukambirana pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito, ndipo nambala 151 la mu 1978 ndi la ogwira ntchito m'boma. Mufufuze amene dziko lanu linavomereza, ndiponso zimene lamulo la kwanu limanena pa sitalaka.

Pa nkhani ya kalasi, pali chikalata cha ILO ndi UNESCO (bungwe la United Nations loona za maphunziro) chokhudza aphunzitsi chimene chinavomerezedwa ku Paris pa 5 Okutobala 1966, n'chifukwa chake tsiku la aphunzitsi padziko lonse limakhala pa 5 Okutobala. Chimanena kuti malipiro ndi mmene aphunzitsi amagwirira ntchito zizikhazikitsidwa pokambirana ndi mabungwe awo, komanso kuti kalasi ikhale ya kukula koti mphunzitsi athe kuthandiza mwana aliyense payekha. Sichimanga boma ngati lamulo, koma munthu sangakuuzeni kuti nkhani ya kalasi si ya bungwe la aphunzitsi.

Za kuvota asanasaine, onani zimene zinachitika mumzinda wa Chicago ku America mu Seputembala 2012. Aphunzitsi ali pa sitalaka, atsogoleri awo motsogozedwa ndi Karen Lewis anabwera ndi mgwirizano wongoyembekezera. Nthumwi zinakana kuthetsa sitalaka tsiku lomwelo, zinati zikufuna ziyambe zawerenga ndi kukambirana ndi anzawo m'sukulu. Patapita masiku awiri ndi pamene zinavomera, kenako mamembala onse anavota. Bungwe silinagawanike. Mu 2019 aphunzitsi omwewo ananyanyala masiku 11 a sukulu, ndipo mu mgwirizano wawo munalowa za kuchuluka kwa ana m'kalasi ndi zoti sukulu iliyonse ikhale ndi namwino. Ku West Virginia, chigawo china cha ku America komweko, mu 2018 zinali zina: atsogoleri anagwirizana ndi bwanamkubwa Jim Justice n'kuuza aphunzitsi kuti abwerere, koma aphunzitsi anakana mpaka kukweza malipiro ndi 5 peresenti kutakhala lamulo losainidwa. Atsogoleri amene safunsa anthu awo amatha kulonjeza boma zinthu zimene anthuwo sadzatsatira, ndipo boma likazindikira zimenezi limasiya kuwaopa.

Mtsogoleri wa nthambi ina:

Ndilankhuleko ngati mmodzi wa amene amanyozedwa. Kuvotetsa mamembala onse kumadya ndalama ndi nthawi, ndipo boma nthawi zina limati sainani sabata ino apo ayi zachoka patebulo. Misonkhano ya nthambi tikaitana amabwera anthu ochepa, koma pa WhatsApp aliyense ndi mkango. Sindikukana mfundo yanu, ndikuti mubwere nayo yotheka. Mwachitsanzo, mgwirizano uziperekedwa kwa nthumwi za nthambi zonse, zipatsidwe masiku owerengeka kukakumana ndi aphunzitsi, kenako zivote mwachinsinsi. Zotere ine ndingaimike dzanja kuvomereza. Ndipo musakaonekere koyamba pa maikolofoni. Yambani mwalankhula ndi nthumwi za nthambi zina kuti mfundoyo ikamawerengedwa pakhale oti aithandizire.

Za bambo wa kalata yopindapinda uja, musaiike n'komwe pa mndandanda wa zopempha zatsopano. Imeneyo ndi ngongole. Mukaisakaniza ndi zopempha, boma lidzakubwezerani zanu zomwe n'kumati lakupatsani. Sonkhanitsani mayina, manambala a ntchito ndi masiku a makalata a onse otere m'nthambi mwanu, bungwe likaitsate payokha.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mobwerezabwereza. Bambo opuma pantchito, buku la malamulo ndalipeza kwa mlembi wathu, linali m'kabati pansi pa marejisitala akale. Ndime ya lipoti la ndalama ilimodi, ndipo imati lizifika ku nthambi chaka chilichonse. Za kusaina mgwirizano imangoti komiti yaikulu ndiyo isaine, osatchula zofunsa wina aliyense. Kalata ya za ndalama tilemba Lachisanu ndi wapampando wathu, ndipo mayina a okwezedwa osalandira ndayamba kale kulemba, afika 14.

Ndatsimikiza kuti mfundo ya nthambi yathu ikhala imodzi, yoti mgwirizano usasainidwe nthumwi zisanabwerere kwa aphunzitsi, monga mwanenera a mtsogoleri. Za kalasi ndikazinena pokambirana mndandanda, ndipo ndapempha mayi uja kuti andilembere yekha zimene anandionetsa kuti ndikawerenge mawu ake.

Chandivuta n'chakuti malamulo athu akuti kusintha ndime kumafuna magawo awiri mwa atatu a nthumwi, ndiponso mfundoyo ifike ku likulu masiku 60 msonkhano waukulu usanachitike. Msonkhano wa mwezi wamawa si waukuluwo, ndi wokonza mfundo chabe. Kodi pamenepa tingathe kupereka chigamulo chomanga komiti pa zokambirana za chaka chino chokha, kusintha malamulo kukudikira msonkhano waukulu? Amene munayesapo njira imeneyi ndiuzeni mmene munalembera mawu ake.