Magemu a puzzle pa VR akundizunguza mutu, ndigulitse headset kapena ndipirire?

Kadzidzi

Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ine magemu ophwanya mutu aja ndimawakonda kuyambira kale, pa kompyuta ndi mouse ndimatha kuchezera osatopa. Ndiye mwezi watha ndinapeza headset ya VR yogwirapo kale ntchito, ija yovala kumaso n'kumaona ngati uli mkati mwa gemu, ndailumikiza ku PC bwinobwino, ndagula gemu ina yake yoti umayenda m'zipinda kumanyamula mabokosi kuti zitseko zitseguke. Mphindi 20 sizinakwane, thukuta lozizira pachipumi, malovu kudzaza mkamwa, ndinavula chinthucho n'kukagona pansi ngati munthu wotsika m'boti. Mawa lake chimodzimodzi. Chikundiwawa n'choti ma puzzle akewo ndikuwaona kuti ndi okoma koma mutu sukulola kuganiza, ndimangofuna ndithane nazo ndivule. Kodi zimenezi zimadzatha? Kapena pali magemu ena oyambira? Ndisanagulitse ndati ndimve kaye kwa inu amene mwakhala nazo nthawi.

Bongololo

Achimwene musagulitse kaye, mwangoyambira kolakwika basi. Chikuchitika n'choti mukakankha kandodo ka pa controller kuti muyende, maso amauza ubongo kuti thupi likupita kutsogolo pomwe mkati mwa khutu, momwe thupi limamvera kusuntha, mukuti mwangoima. Awiriwa akatsutsana ndiye nseru ija. Lowani mu settings muone ngati muli teleport, ija yoti mumaloza pamalo n'kungopezeka mwafika, komanso snap turn yotembenuka modumphadumpha. Ndipo mukangomva kutentha kumaso vulani pompo, osalimbikira, kupirira kumangochititsa kuti mawa muziiona headset n'kuyamba kale kumva nseru musanaivale n'komwe.

Koma zoona zake ine ndikanati muisiye kaye gemu yoyendayendayo. Yambani ndi I Expect You To Die ya Schell Games, inatuluka 2016. Monsemo mumakhala pampando, simuyenda ngakhale phazi limodzi, zinthu zakutali mumazikoka ndi controller zimabwera zokha m'manja. Ndinu kazitape, level yoyamba muli m'galimoto yomwe ili mkati mwa ndege, ndipo galimotoyo ili ndi misampha paliponse, pali laser ina yomwe muyenera kuizinda ndi mutu wanu weniweni, ine ulendo woyamba ndinangoti tong'o kuiyang'ana ndipo ndinafa pomwepo kkkk. Mumafa kangapo koma imfa iliyonse imakuphunzitsani kanthu. Ina ndi The Room VR: A Dark Matter ya Fireproof Games, 2020, nkhani yake imayambira ku London mu 1908, mumangodumpha kuchoka pamalo ena kufika pena, nthawi yonse imathera pa mabokosi okhala ndi timakiyi ndi timadirowa tobisika.

Yomwe inandigwira mtima ine ndi A Fisherman's Tale. Muli m'kanyumba ka nyali yolondolera zombo, pakati pa chipinda pali kachidole ka nyumba yomweyo, mkati mwake muli kamunthu kakang'ono komwe ndi inu nomwe. Mukachotsa denga la kachidoleko denga lanu lenileni limachokanso, mukayang'ana kumwamba mukuona chimunthu chachikulu chikusuzumira, ndinunso. Chinthu cholemera chakutchingirani njira, mumangopisa dzanja m'kachidole n'kuchitola ndi zala ziwiri, kumbuyo kwanu chidzanja chikutsika kudzachinyamula. Ndinaima kaye kwa kanthawi kumangogwedeza dzanja kuonera. Zimenezo pa screen wamba sizingakome choncho, pamafunika dzanja lanu lomwe.

Kalulu_wakale

Ine ndiye nditsutsako pang'ono abwana Bongololo. Zonse mwatchulazo ndasewera ndipo n'zokoma, sindikukana, koma tinene chilungamo, kukoma kwake kuli pa kugwiragwira zinthu osati pa kuganiza mozama. Mukavula headset n'kuifotokoza puzzle yake pakamwa mupeza kuti inali yophweka, kupeza kiyi, kuzunguza ichi, kukoka icho. Komanso ambiri ndi aafupi, madzulo awiri atatu mwamaliza.

Puzzle yeniyeni imafuna pepala ndi cholembera. Myst yoyamba ija ya 1993 tinkasewera kope lili pambali, kujambula zizindikiro, kulemba manambala omwe waona kuchipinda china. A kampani ya Cyan anaikonzanso kuti izitheka pa VR, inafika pa PC mu 2021, chilumba chija kuchiona chitakuzungulira n'zosaiwalika, koma nanga ulemba bwanji maso ali otsekedwa manja onse ali ndi ma controller? Ine ndinkasuzumira pakampata ka pamphuno paja kumalemba mokhotakhota, kenako kulephera kuwerenga zomwe ndalemba ndekha. Mapeto ake mbali zovuta ndinkazichitira pa screen, VR ndinkangoivalira kukaona malo. Ndiye a Kadzidzi ngati chomwe mumakonda n'kukhala ola lathunthu mukulimbana ndi funso limodzi, musayembekezere kuti headset ilowa m'malo mwa mouse.

Bongololo

Za pepalazo mwanena zoona akulu, pamenepo sinditsutsa. Koma yesani Cubism mudzandiuze ngati ili yophweka, n'timabuloko chabe toti mulowetse m'chimango koma kutsogoloko mutu umachita kuwira, ndipo kutha kuizungulira ndi kuiyang'ana mbali zonse n'komwe kumathandiza kuganiza.

Mayi_a_mapasa

Ine nseru yanga sinatheretu mpaka pano, ena timangobadwa choncho, nde ndimasankha zokhala pansi basi. Moss ndimaikonda chifukwa iwe sumayenda, umangokhala ngati chimphona chosuzumira m'nkhalango, kambewa kaja Quill ndi kamene kamathamanga, iwe ntchito yako kukakokera miyala ndi kukatsegulira njira, nthawi zina umachita kuwerama kusuzumira kuseri kwa khoma kuti uone pobisika.

Koma yomwe imatisonkhanitsa pakhomo ndi Keep Talking and Nobody Explodes. Wovala headset ali yekha ndi bomba, enawo saliona koma ali ndi buku la malangizo, ife tinachita kulipulinta pa mapepala. Ndiye iwe uzifotokoza zomwe ukuona iwo azikuuza waya woti udule nthawi ikutha. Tsiku lina bambo a kunyumba akundifunsa kuti mawaya alipo angati, ine ndikukuwa kuti wofiira wofiira, iwo ayi mayi ndati angati, ana akuseka mpaka kugwa, bomba linaphulika tikukanganabe. Vuto la a Kalulu la pepala lija apa palibe poti pepala lili ndi anzako, ndipo poti round imodzi ndi ya mphindi zochepa mumasinthana headset mutu usanayambe kulemera.

Gologolo_404

Onaninso mbali ya kompyuta man. VR imafuna zithunzi zizisintha mwachangu komanso mosadukiza, ma headset a Oculus Rift ndi HTC Vive a 2016 ankayenda pa 90Hz, kutanthauza zithunzi 90 pa sekondi, Valve Index imafika mpaka 144. Ngati graphics card ikulephera kukwanitsa, chithunzi chimatsalira mukatembenuza mutu ndipo ngakhale gemu yokhala pansi ikuzunguzani. Tsitsani ma graphics ndi resolution mu SteamVR, pulogalamu yoyendetsera headset pa PC ija, kuli bwino zioneke mophwanyika pang'ono koma ziziyenda myaa. Ngati mukulumikiza popanda waya, PC ikhale pa cable kupita ku router ndipo headset ikhale pa WiFi ya 5GHz. China chomwe anthu amaiwala makamaka pa headset yogula kwa munthu ndi mpata wa pakati pa magalasi, IPD, mwina idakali pa muyezo wa maso a mwini wake wakale. Pa headset ya Quest 2 mwachitsanzo pali malo atatu okha, 58, 63 ndi 68mm, mumangokankha magalasiwo ndi zala. Fani ikamakuwombani kumaso imathandizanso. Ndipo pa Steam, pogulira magemu a PC paja, gemu ngati simunaisewere maola opitirira 2 komanso masiku 14 sanadutse mutha kupempha refund, nde yesani msanga mukangogula.

Kadzidzi

Zikomo nonse. A Gologolo munalasa, magalasi anali otalikirana kwambiri, nditawasendeza zilembo zinayamba kuwerengeka. Teleport inalimonso mu settings, ine sindinkayang'anako n'komwe. Gemu yoyamba ija ndaiika pambali kaye, dzulo ndinatenga The Room VR ndipo ndakhala pafupifupi mphindi 40 popanda thukuta lija, kungolemedwa pang'ono pachipumi. Koma sindinachoke wopanda chipsera, ndinatengeka ndi kabokosi kena mpaka ndinafuna kutsamira pa tebulo la m'gemumo ndi chigongono, ndinapezeka ndagwada pansi controller ili uko. A Kalulu za pepala zija ndaziona kale, pali zizindikiro zina ndinachita kuzinena mokweza katatu kuti ndisaiwale, mlongo wanga anachita kubwera kudzafunsa ngati ndili bwinobwino.